Vinyo ndatsegula Loweruka, pofika Lachinayi wasanduka viniga. Ndikulakwitsa pati?

Mayi a Junior: Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni nzeru abale. Alamu anga anabwera kuchokera ku Joni mwezi watha anandibweretsera mabotolo awiri a vinyo wofiira wa ku Cape. Limodzi ndinatsegula Loweruka usiku nkumwapo kapu imodzi basi poti kunyumba kuno womwa ndine ndekha, bambo a Junior sakhudza nkomwe. Ndinabwezera chitsekero bwinobwino nkuliika pamwamba pa kabati kukhitchini. Dzulo Lachinayi ndati ndithireko pang'ono eeh fungo lake ngati viniga wa pa chiwaya, kulawa ndiye mpaka nkhope kukwinyika. Ndakhuthulira mu sinki botolo lonse mtima ukuwawa. Latsala limodzi ndipo sindikufuna lipitenso choncho. Anzanga mumasunga bwanji?

Amfumu a ku Ndirande: Vuto lanu si kasungidwe ayi, vuto ndi loti simutiitana kkkk. Ine chibadwire sindinaonepo botolo lotsegula likufika mmawa

Sisi wa ku Leeds: Kkkk amfumu musayambe. Mayi a Junior, kabatiyo ili pafupi ndi pophikira?

Mayi a Junior: Ili pamwamba penipeni pa kuka. Ndinaika pamenepo kuti Junior asafikire

Sisi wa ku Leeds: Ndiye mwamuphika vinyoyo asisi. Mwezi wa Okutobala uno, ku Lilongwe, pamwamba pa kuka masiku asanu!

Weta wa ku Stellenbosch: Mayi pepani ndi botololo. Ine ndili chaka chachisanu ndi chimodzi ndikugwira mu lesitilanti kuno ndipo timagulitsa vinyo wa pa kapu tsiku ndi tsiku, ndiye mabotolo otsegula ndi nkhani ya usiku uliwonse tikamatseka. Adani ake ndi awiri, mpweya ndi kutentha. Mukangochotsa chitsekero mpweya walowa, ndipo mukathira kapu imodzi malo amene munali vinyo uja mwadzaza mpweya, kubwezera chitsekero ndiye kuti mwamutsekera limodzi ndi mdani wake mkati momwemo. Kutentha kumangofulumizitsa nkhondoyo. Ife tikatsegula timalemba tsiku pa botolo ndi maka, usiku onse amalowa mu filiji, ofiira omwe. Wofiira amatha masiku 3 mpaka 5, woyera ndi wa pinki uja chimodzimodzi mwina kufika sabata ngati mwatseka bwino, wa thovu tsiku limodzi mpaka atatu basi. Kunja kwa filiji nyengo yotentha ngati ino masiku awiri akhoza kukhala atasintha kale

Bwana Hilux: Apo pokha ndikana amwene. Vinyo wofiira saikidwa mu filiji, aliyense wodziwa vinyo akuuzani kuti amamwedwa mmene kwatenthera mnyumba. Filiji ndi ya woyera. Musawaphunzitse anthu zachimidzi

Weta wa ku Stellenbosch: Bwana, lamulo limenelo analipanga anthu a ku Ulaya mnyumba zawo zozizira, amanena madigiri 16 mpaka 18. Khitchini ya ku Area 25 mu Okutobala ikudutsa 30, ku Nsanje ndiye tisanene. Komanso mukusakaniza zinthu ziwiri, kusunga ndi kumwa. Kusunga ndi mu filiji. Mukafuna kumwa mumatulutsa nkudikira mphindi 20 kapena 30 kuti kuzizira kuchepe, kukoma kumabwerera konse. Ngakhale botolo latsopano ine kwathu ku Mangochi ndikapita pa holide ndimayamba ndaliika mu filiji kanthawi, wofiira wotentha amangomveka mowa wokhawokha pakhosi

Bwana Hilux: Ine zaka zonsezi ndimasiya pa shelefu ndipo sanandivutepo

Amfumu a ku Ndirande: Chifukwa simumupatsa mpata wogona bwana, ine ndi inu ndife amodzi kkkk

Aphunzitsi a Sayansi: Ndiloleni ndiikepo za mkalasi pang'ono. Pali zinthu ziwiri zimene zikuchitika mu botolo la mayiwa. Choyamba ndi chomwe chimachitika mukadula mapeyala kapena nthochi nkusiya pambale, amada chifukwa cha oxygen wa mu mpweya. Vinyonso amatero, fungo la zipatso lija limathawa, mtundu wofiira umayamba kupita ku bulawuni, kukoma kumakhala ngati apulo wovunda. Chachiwiri ndi tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Acetobacter, timadya mowa uli mu vinyomo nkuusandutsa asidi wa viniga, koma timafunika mpweya kuti tigwire ntchito ndipo timasangalala kukatentha, madigiri a mma 25 mpaka 30 ndi phwando kwa ito. Anazifotokoza bwino zimenezi ndi Louis Pasteur wa ku France mzaka za mma 1860 pamene ankafufuza chomwe chimawononga vinyo wa kwawo. Ndiye mayi simunaname kuti mwamva viniga, ndi viniga ndithu amene anayamba kupangika, mawu oti viniga enieniwo anachokera ku Chifalansa ndipo amatanthauza vinyo wowawasa

Nachisale: Aphunzitsi ndiye kuti ndi chimodzimodzi thobwa likagona masiku limasasa?

Aphunzitsi a Sayansi: Ndi pachibale koma si chimodzi. Thobwa limakhala likadali ndi moyo, shuga wake akusanduka asidi ndi mowa, nchifukwa chake la masiku anayi agogo amati ana asamwe. Vinyo wa mu botolo ntchito imeneyo inatha kale, chimene chatsala ndi kuwonongeka basi. Koma mankhwala ake ndi amodzi, kuzizira

Mayi a Junior: Zikomo kwambiri ndaphunzira. Koma filiji yomwe mukunenayi, magetsi kuno akumathima mmawa kuyaka madzulo. Sizikhala ntchito yachabe?

Weta wa ku Stellenbosch: Ayi vinyo si nyama kapena mkaka. Filiji ikakhala yosatsegulatsegula imasunga kuzizira maola angapo, ndipo ngakhale itafunda pang'ono mkatimo mumakhalabe mozizira kuposa pa kabati. Ikani kumbuyo kwenikweni osati pa chitseko, loimirira osati logona. Likagona vinyo amayala thupi lonse ku mpweya komanso akhoza kudontha

Gogo wa Intaneti: Ana inu filiji yabwera liti? Ife madzi timamwa ozizira a mu mtsuko kuyambira kale. Tengani mtsuko wadothi muthiremo madzi muike pamthunzi podutsa mphepo, botolo muimike mmenemo khosi lili kunja. Kapena kulungani botolo ndi kansalu konyowa. Ine sindimwa zanuzo koma mkaka wa adzukulu ndimasunga choncho

Aphunzitsi a Sayansi: Agogo akunena zoona, mtsuko umatuluka thukuta ndipo madziwo akamauma amatenga kutentha. Sufika pa filiji koma nyengo youma ngati ino umathandiza ndithu

Weta wa ku Stellenbosch: Tsopano ndikuuzeni njira imene ine ndimaikhulupirira kuposa zonse ndipo siifuna ndalama. Botolo la vinyo ndi 750ml, makapu asanu. Inu mukudziwa kale kuti mumwa kapu imodzi. Ndiye musadikire kuti mumwe kaye, mukangotsegula pompo tengani timabotolo ting'onoting'ono totsuka bwino touma tokhala ndi chitsekero chopotokola, thirani vinyo mpaka pakhosi penipeni osasiya malo, tsekani zolimba, mu filiji. Timabotolo tiwiri ta 300ml ndi kapu yanu ya usiku umenewo botolo latha ndendende. Kabotolo kodzaza mulibe mpweya woti nkulimbana naye, ndiye kamatha sabata bwinobwino pomwe botolo lalikulu lotsala theka limakhala litafooka. Thirani pang'onopang'ono motsamiritsa, osati mochita kuphulika thovu ngati mukuthira tiyi wa mu ketulo

Nachisale: Botolo la pulasitiki la madzi lija lingachite?

Weta wa ku Stellenbosch: Kwa masiku ochepa lingachite, ubwino wake mumalifinya mpaka vinyo afike pakamwa kenako nkutseka, mpweya wonse watuluka. Koma lagalasi ndiye labwino. Lisakhale lomwe munali Fanta kapena mankhwala a chifuwa osatsuka, vinyo amatola fungo msanga

Sisi wa ku Leeds: Chonde chonde mayi a Junior, mukathira mu kabotolo ka madzi lembanipo ndipo mubise kuseli kwa mapoto. Mwana akaona chofiira mu filiji iye amati ndi Sobo. Mnzanga wina kuno zinamuchitikira, mwayi mwanayo analavula atangolawa

Mayi a Junior: Eeh mwandikumbutsa, Junior ndiye katswiri wotsegula filiji. Ndiika mu kontena ya ayisikilimu yomwe muli nyemba, imeneyo sayandikira kkkk

Sisi wa ku Leeds: Ine kuno ndili ndi kapampu kaja ka Vacu Vin, kochokera ku Netherlands. Umaika chitsekero cha labala pa botolo nkupopa mpaka kalire kuti tiki tiki, ndiye kuti mpweya wachepa. Sikodula ndipo sikafuna magetsi. Ndikamabwera Disembala ndikutengerani

Weta wa ku Stellenbosch: Kamathandiza koma musakakhulupirire kwambiri, sikachotsa mpweya wonse ndipo labala uja akakalamba amalowetsa mpweya usiku. Kapampu ndi filiji limodzi zili bho, kapampu pa kabati ndi chimodzimodzi osachita kanthu. Ndipo pa vinyo wa thovu musayerekeze, mukhala mukupopa thovu lomwelo. Kuntchito kwathu mabotolo odula kwambiri timagwiritsa Coravin, kachipangizo ka singano kamene kanatuluka 2013 ku America. Singano imaboola koko, chitsekero cha khungwa la mtengo chija, osachotsa, vinyo amatuluka ndipo mmalo mwake mumalowa gasi wa argon amene salimbana ndi vinyo, mukazula singano koko uja amadzitseka yekha. Botolo limatha miyezi. Koma mtengo wake mugula nawo mabotolo ambirimbiri, nanga gasiyo mukamupeza kuti ku Lilongwe

Bwana Hilux: Imeneyo ndiye yanga. Ndiitanitsa

Amfumu a ku Ndirande: Singano ya botolo lomwe mumamaliza pa ola limodzi bwana?

Bambo a ku Tete: Moni abale, ine ndili mbali ino ya malire. Kuno vinyo ndi nkhani yakale chifukwa cha Apwitikizi, ngakhale mawu oti vinyo amene mukulembawa ndi awo, iwo amati vinho. Kuno anthu amagula chibotolo cha malita 5 chija amati garrafão, ndipo Tete mukumudziwa kutentha kwake, mpaka 40 kupitirira. Amene amadziwa akangotsegula amagawa mmabotolo ang'onoang'ono tsiku lomwelo ngati mmene akunenera achimwene a ku Stellenbosch. Osadziwa amathira kuchokera mu chibotolomo sabata yonse, pofika pansi amayamba kusakaniza ndi Coca-Cola kuti amweke

Nachisale: Nanga wa mu katoni uja bwanji? Ine ndimagula 4th Street kapena Drostdy-Hof wa kampopi ndipo amakhala mwezi osasintha. Amaikamo mankhwala ambiri eti?

Aphunzitsi a Sayansi: Si mankhwala, ndi nzeru ya thumba lija. Mukamathira thumba limafwapa, mpweya sulowa mmalo mwa vinyo amene watuluka. Anayambitsa ndi Thomas Angove wa ku South Australia mu 1965, poyamba ankachita kudula kona ya thumba nkumanga, kampopi kanabwera pambuyo. Za mankhwala, pafupifupi vinyo yense wa mu shopu amakhala ndi ma sulphite, werengani kuseli kwa botolo mupeza analemba. Ndi amene amamuteteza ku oxygen ndi tizilombo, koma botolo likatsegulidwa amatha mphamvu pang'onopang'ono

Weta wa ku Stellenbosch: Wa katoni akatsegulidwa amatha masabata 4 mpaka 6 makamaka mu filiji. Kunena zoona kwa munthu womwa kapu imodzi pa sabata ngati mayi a Junior katoni ndiye yowayenera, anthu amangoinyoza chifukwa cha ulemu wa botolo. Chenjezo ndi loti katoni yosatsegula siikhalitsa ngati botolo, thumba lija limalowetsa mpweya pang'onopang'ono, ndiye onani deti musanagule makamaka mmashopu momwe katundu amakhalitsa pa shelefu. Ndipo musamapendeke katoni nkutsegula kampopi kuti mufinye wotsala kenako nkusiya mpweya ulowe mthumba

Bwana Hilux: Ine alendo anga sindingawathirire za mu katoni

Sisi wa ku Leeds: Thirani mu jagi kukhitchini bwana, palibe adzadziwe kkkk

Mkwatibwi wa Ogasiti: Ndifunseko nane. Paukwati wathu panatsala mabotolo atatu a JC Le Roux otsegula, azakhali anaikamo masipuni a tiyi mkamwa mwa botolo akuti thovu silithawa. Mmawa analidi ndi thovu. Sipuni imagwira ntchito bwanji?

Aphunzitsi a Sayansi: Siigwira kanthu mwana wanga, yagwira ntchito ndi filiji. Gasi amakhazikika mu chakumwa chozizira, ngati mmene Fanta wozizira amasungira gasi kuposa wotentha. Ku Champagne ku France, kwawo kwa vinyo wa thovu, anayesapo mabotolo ena ndi sipuni ena opanda, panalibe kusiyana. Mukanasiya opanda sipuni mukanapeza chimodzimodzi

Mkwatibwi wa Ogasiti: Azakhali sindikawauza zimenezo, ndikufuna mtendere mbanja

Weta wa ku Stellenbosch: Kkkk asiyeni. Wa thovu amafuna chitsekero chake chachitsulo chokhala ndi mapiko ogwira pakhosi pa botolo. Musayese kukankhiramo koko wa botolo lina, mphamvu ya gasi mmenemo ndi yaikulu kuposa ya mu tayala la galimoto, akhoza kuphulika usiku mu filiji kapena kumenya munthu mdiso

Akatekisiti: Ndakhala ndikungowerenga. Nanga bwanji vinyo wa Misa timatsegula botolo limodzi nkukhala nalo masabata mu kabati ya ku sakristiya, filiji kulibe, koma sasasa?

Amfumu a ku Ndirande: Ameneyo ndi wodalitsika akatekisiti

Weta wa ku Stellenbosch: Kkkk amfumu. Bambo, onani pa botolo pomwe analemba peresenti. Vinyo wa pa tebulo amakhala 12 mpaka 14, koma wa ku tchalitchi nthawi zambiri amakhala wotsekemera ndipo mowa wake ndi wokwererapo. Ali mgulu limodzi ndi port ndi sherry wotsekemera, amene amawonjezeramo mowa waukali kufika 17 mpaka 20, tizilombo ta viniga tija pamenepo sitikhala bwino. Oterowo amatha masabata angapo. Vinyo wa Madeira ndiye amatha miyezi chifukwa popanga amachita kumutenthetsa dala, palibenso chomuopsa. Kuchuluka kwa mowa nchifukwa chakenso Malawi Gin kapena kachasu mungatsegule chaka chino nkumwa chaka chamawa

Mayi Busa: Ine ndingoti abale kumwa si kwabwino, botolo losatsegula silisasa

Admin: Mayi busa tamva ndipo tikulemekezani, koma funso ndi la kasungidwe. Tisalowe mu mtsutso uja wa chaka chatha chonde, tinataya anthu 11 pagulu pano

Nachisale: Nanga vinyo wathu wa zipatso wa Linga wa ku Lilongwe uja, malamulo ndi omwewo?

Weta wa ku Stellenbosch: Muzimutenga ngati woyera, kutseka, filiji, kumaliza mkati mwa sabata. Mphuno ndiyo ikuuzeni

Mayi a Junior: Funso lina, amene ndinataya uja ndikanamwa ndikanadwala?

Aphunzitsi a Sayansi: Ayi, viniga sapha munthu, kungoti sakoma. Akangofooka chabe osafika powawasa musataye, phikirani nyama. Koma akayamba kununkha ngati mankhwala ochotsera penti wa mzikhadabo ameneyo ndiye wa mu sinki, mu ndiwo awononga

Sisi wa ku Leeds: Ine wotsala ndimathira mu thileyi ya ayisi nkuika mu firiza, akauma ndimasunga mu kapepala ka pulasitiki. Tsiku lophika nyama ya ng'ombe ndimakazinga anyezi, nyama ikafiira ndimaponyamo timiyala titatu tiwire kaye kenako tomato. Msuzi wake mudzandiimbira foni. Saumitsitsa ngati madzi chifukwa cha mowa uja ndiye musadabwe akamakhala ofewa

Weta wa ku Stellenbosch: Chomaliza mayi, botolo latsala lija lichotseni pa kabati lero lomwe ngakhale ndi losatsegula, kutentha kumaliwononga lili chitsekere. Pezani malo amdima ozizira, pansi mu wadilopu kuchipinda ndi pabwino. Ngati ndi la koko ligoneke kuti koko asaume, ngati ndi chitsekero chopotokola mulimonse. Ndipo pobwezera koko lowetsani mbali yomwe inali mkati kale, yakunja ija yagwira fumbi la mu shopu

Mayi a Junior: Linali pa kabati pomwepo!! Ndathamanga kukalichotsa, lafunda ngati tiyi. Ndidzakuuzani mmene zidzayendere

Mayi a Junior: Abale ndabwera ndi lipoti patha masiku 9. Ndinatsegula Lachisanu lomwe tinakambirana lija, mwamwayi linali lisanawonongeke. Ndinapeza timabotolo tiwiri tagalasi ta juwisi ndinatsuka ndi madzi otentha nkuyanika, ndinadzaza mpaka pakhosi, kapu yanga ndinamwa usiku womwewo. Magetsi anathima kanayi sabata imeneyi. Kabotolo koyamba ndinatsegula Lachiwiri, ndinadikira theka la ola ngati mmene ananenera achimwene a ku Stellenbosch, kukoma chimodzimodzi tsiku loyamba, ndinamwa theka lotsala ndinamaliza Lachitatu. Kabotolo kachiwiri ndatsegula dzulo Loweruka, fungo lachepako pang'ono koma osati viniga ayi, ndinamwa kapu imodzi wotsalayo ndathira mu nyama lero masana

Weta wa ku Stellenbosch: Mwakhoza mayeso mayi. Masiku 8 ndi magetsi othimathima si masewera

Bwana Hilux: Mwina ndiyesa za filijizo. Mwina

Amfumu a ku Ndirande: Ndiye botolo limodzi anthu mwalimwa sabata yathunthu osaitana mfumu, mlandu uwu

Sisi wa ku Leeds: Nanga nyamayo bambo a Junior anati bwanji?

Mayi a Junior: Anawonjezera kawiri nsima mpaka kupukuta mbale, akuti lero mwaikamo chani

Aphunzitsi a Sayansi: Mayi muwauze zoona, anthu amati mowa wonse umauluka pophika koma pamatsala kochepa, makamaka ngati sizinawire nthawi yaitali. Munthu amene samwa mwa chikhulupiriro kapena chifukwa cha thanzi ayenera kudziwa asanadye

Mayi a Junior: Mwanena zoona aphunzitsi ndalakwa, ndangowauza pompano. Akhala chete kaye kenako akuti ulendo wina ndiziwauza ndisanaphike. Kenako akufunsa ngati msuzi uja watsalako wa madzulo